Njira yokhalira loya wa milandu ya pantchito, ya tsankho ndi ya malonda akunja, poyambira kuno ku Salima

Mwana wasukulu akati akufuna kudzakhala loya, kawirikawiri amakhala akuganiza za milandu yakupha, yakuba ndalama za boma kapena ya zisankho, imene timaimva pa wailesi. Koma uloya uli ndi mbali ina yosatchuka imene ili pakhomo pathu penipeni. Tangoonani boma lathu lino. Ku Senga Bay kuli mahotela odzaza ndi ophika, ochapa ndi alonda. Kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga, kuli minda ya mango otumiza kunja, kuli mpunga ku Lifuwu, ndipo ku Nanjoka kuli magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 amene kampani ya JCM imagulitsa ku ESCOM. Malo ngati amenewa pansi pamakhala anthu olembedwa ntchito, pamwamba pamakhala migwirizano ya malonda, ina yosainirana ndi anthu akunja. Loya womvetsa zapansizo ndi zapamwambazo ndiye amene malangizo ano akufuna kuumba.

Choyamba: Chingerezi, masamu, ndi Chichewa chanu chomwe

Malamulo a dziko lino analembedwa m'Chingerezi, choncho popanda kirediti yabwino ya Chingerezi pa MSCE khomo la sukulu ya malamulo silitseguka. Koma Chingerezi cha loya si chija chokometsera pa mpikisano wa mtsutso. Chofunika n'choti muthe kuwerenga masamba khumi ouma gwa, n'kulemba m'mizere isanu zimene akunena, osaonjezera, osachotsera. Tengani nkhani ya kukhoti m'nyuzipepala, mulembe kuti wodandaula ndani, wodandaulidwa ndani, akulimbirana chiyani, woweruza wagamula bwanji ndipo chifukwa chake n'chiyani. Muzichita zimenezi sabata ndi sabata kufikira zitalowa m'magazi.

Masamu musawathawe. Milandu ya pantchito imathera pa kuwerengetsa masabata, zaka ndi makwacha.

Chichewa chanu muchisunge, ndipo ngati mumatha Chiyao monga ambiri a m'mbali mwa nyanja, ndi mwayi woposa. Mlonda wochotsedwa ntchito sadzakuuzani ndime ya lamulo imene yaphwanyidwa. Adzati, "Akapitawo anangondiuza kuti mawa usabwerenso." Ntchito yanu yonse ndi kumva mawu amenewo, kufunsa modekha, n'kuwasandutsa madeti, mapepala ndi ndime za lamulo. Amene wachita manyazi ndi chilankhulo cha kwawo luso limeneli salipeza.

Chachiwiri: kakhaleni pa benchi ya khoti musanalipire fizi iliyonse

Pa tchuthi pitani ku khoti la majisitireti pa boma. Milandu yambiri aliyense amaloledwa kumvera, kupatula ina monga ya ana. Valani mwaulemu, zimitsani foni, imirirani woweruza akamalowa, ndipo mutenge kope. Muone momwe mboni imasinthira nkhope ikafunsidwa tsiku lenileni limene chinthu chinachitika. Muonenso womasulira akamasintha mawu a mayi wa kumudzi kupita m'Chingerezi, mudzifunse ngati zonse zimene mayiyo ananena zafika m'buku la woweruza. Mukatero mukaonekere ku ofesi ya leba, mupemphe mwaulemu kuti akufotokozereni madandaulo amene amalandira kawirikawiri. Mukachokako mtima ukugundabe kufuna kubwererako, ndiye kuti njira ndi yanu. Mukaboweka, mwapulumutsa ndalama za makolo.

Chachitatu: digiri ya malamulo

Sukulu ya malamulo yakale kwambiri m'dziko muno ili ku Zomba, ku University of Malawi, imene ambiri amaitchulabe kuti Chanco. Digiri yake ndi ya zaka zinayi. Kwa zaka zambiri malowedwe ake akhala oti munthu amayamba waphunzira maphunziro ena a pa yunivesite n'kukhoza bwino, kapena kukhala kale ndi digiri, kenaka n'kupikisana ndi anzake polowera. Choncho ngati a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, akusankhirani maphunziro ena, musagwe mphwayi. Kakhozeni bwino chaka choyambacho, ndipo muziyang'anira chilengezo cha sukulu ya malamulo chaka ndi chaka kuti mudziwe zofunika pa nthawiyo. Catholic University ku Nguludi nayo imaphunzitsa malamulo. Kulikonse kumene mwasankha, yambani mwatsimikiza kuti digiri yake ndi yovomerezeka ndi NCHE komanso ndi Council of Legal Education. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi phula lake ndi zaka zinayi za fizi zothera pa pepala limene khoti silikulidziwa. Za ngongole ya sukulu, lembani msanga ku Higher Education Students' Loans and Grants Board.

Muli pa sukulupo, ikani mtima pa malamulo a migwirizano, a makampani, a pantchito, a ufulu wa anthu ndi a malonda a pakati pa mayiko. Lamulo la migwirizano ndilo tsinde, chifukwa kalata yolembera munthu ntchito ndi mgwirizano, ndipo pepala logulitsira shuga kunja ndi mgwirizanonso. Zigamulo za makhoti athu zimapezeka mwaulere pa intaneti pa MalawiLII. Muziwerenga chigamulo chonse, osati chidule cha mnzanu.

Pa tchuthi funani poti muzikathandizira, ngakhale popanda malipiro: ku Legal Aid Bureau, ku Malawi Human Rights Commission, ku mabungwe a anthu apantchito a pansi pa MCTU, komanso kwa olemba ntchito, amene bungwe lawo ndi ECAM. Ndikulimbikira kuti muone mbali zonse ziwiri. Amene anangomva za antchito okha amayesa bwana aliyense ndi wankhanza, ndipo amadzadzidzimuka m'khoti atatulutsiridwa makalata atatu a chenjezo amene kasitomala wake sanawatchule.

Chachinayi: kuloledwa kuimira anthu m'khoti

Digiri payokha sikupatsani mphamvu yoimira munthu pa mlandu. Zimenezi zimayendetsedwa ndi lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1965. Lamulo latsopanoli ndi limene linabweretsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, kumene ambiri, makamaka ophunzira malamulo kunja ndi m'mayunivesite ena, amakaphunzira kagwiridwe ka ntchito n'kulemba mayeso. Mukakwaniritsa zonse mumapempha kwa mkulu wa oweruza milandu m'dziko muno kuti akulandireni, mumalumbira, dzina lanu n'kulowa m'kaundula wa maloya. Kuchokera apo mumakhala membala wa Malawi Law Society, ndipo layisensi mumaikonzetsa chaka chilichonse. Ofesi yanuyanu simutsegula tsiku lomwelo, mumayamba mwagwira pansi pa loya wamkulu. Posankha woyamba kumugwirira, yang'anani amene adzakutengani popita kukhoti n'kumakulemberani ndi bolopeni yofiira pa zimene mwalemba, ngakhale malipiro ake atakhala ocheperapo.

Chachisanu: lamulo la pantchito mulidziwe ngati njira ya kwanu

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene padzachokere makasitomala anu oyamba. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsidwa ntchito mwachilungamo ndi kulipidwa moyenera. Tsatanetsatane wake ali mu Employment Act ya 2000 ndi Labour Relations Act ya 1996, ndipo khoti la milandu imeneyi ndi Industrial Relations Court. Kwa ife a ku Salima lapafupi lili ku Lilongwe.

Tiyerekeze kuti m'ofesi mwalowa bambo amene wakhala mlonda pa malo ena ogona alendo kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Wavula chipewa, wakhala kunsonga kwa mpando, ndipo watulutsa m'jumbo mapepala opindidwa kanayi: chiphaso cha kuntchito, timapepala ta malipiro titatu, ndi kalata ina yothimbirira ndi mafuta. Akuti usiku wina panasowa injini ya bwato, m'mawa mwake anauzidwa kuti asabwerenso.

Musayambe ndi kumulonjeza ndalama. Funso loyamba ndi la deti: anachotsedwa liti? Gawo 62 la Employment Act limati dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo lipite kwa mkulu wa leba wa pa boma pasanathe miyezi itatu. Anthu ambiri amataya nthawi imeneyi akuyendera kwa abwana kukapepesa. Ngati sakukumbukira tsiku, mufunseni kuti zinachitika mvula itayamba kapena isanayambe, Ramadan isanafike kapena itapita, malipiro a mwezi uti atalandira. Deti limapezeka.

Kenaka mufunse zinthu ziwiri zimene gawo 57 limafuna. Kodi panali chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito, kapena zosowa za kampani? Ndipo kodi anapatsidwa mpata woyankhapo asanachotsedwe? Mabwana ambiri amagwera pa funso lachiwirili. Ngakhale pa mlandu wakuba, munthu amayenera kuuzidwa chimene akumuganizira ndi kumvedwa mbali yake. Dziwaninso kuti gawo 61 limaika udindo wosonyeza chifukwa pa wolemba ntchito. Akalephera kuchisonyeza, lamulo limatenga kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo.

Mkulu wa leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti aziyanjanitse. Mwezi ukatha nkhani isanathe, imatha kupita ku Industrial Relations Court. Khotilo lingalamule kuti munthuyo abwerere pa ntchito yake, alembedwenso pa ntchito ina yofanana nayo, kapena apatsidwe chipepeso. Gawo 63 linaika mlingo wotsikitsitsa wa chipepesocho: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sanapitirire zaka zisanu, a masabata awiri kwa wopitirira zaka zisanu mpaka khumi, a masabata atatu kwa wopitirira khumi mpaka 15, ndi a mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa wopitirira zaka 15. Bambo wathu uja wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye kuti sangapatsidwe zochepera malipiro a masabata 14. Mawu oti "sangapatsidwe zochepera" muwagwiritse, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yopereka zoposa pamenepo poona mmene munthuyo wavutikira, ndipo loya waulesi amangopempha zapansizo.

Palinso ndalama ina yosiyana ndi chipepeso, imene anthu amangoti severance. Malinga ndi kusintha kwa lamulo kwa 2010, imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena akachotsedwa mopanda chilungamo. Zaka zisanu zoyamba amawerengera masabata awiri pa chaka, chaka cha 6 mpaka cha 10 masabata atatu, kuyambira cha 11 masabata anayi. Kwa mlonda wathu, zaka zisanu zikupereka masabata 10, ziwiri zotsalazo masabata 6, pamodzi 16. Onjezani notisi, imene kwa wolipidwa pamwezi ndi mwezi umodzi, masiku a tchuthi amene sanapume, ndi maola owonjezera amene sanalipidwe. Funsaninso ngati ndalama ya penshoni imene ankadulidwa inkafikadi ku kampani ya penshoni. Malipiro onse otsala amayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Amene sanakhutire ndi chigamulo angachite apilo ku High Court pasanathe masiku 30, koma pa mfundo ya lamulo yokha, osati kukayambiranso umboni.

Ndime ziwiri zina zimakhudza kwambiri boma lathu. Amene amalembedwa pa nyengo, monga odula nzimbe ndi othyola mango, akamabwerera kwa bwana yemweyo nyengo ndi nyengo, lamulo limaphatikiza nthawi yonse imene anagwiradi ntchito ngati utumiki wosadukiza. Ndipo bwana akamalemba munthu pa makontirakiti afupiafupi pa ntchito imene ndi yokhazikika pa kampanipo, lamulo limaitenga kontirakitiyo ngati yopanda tsiku lothera. Antchito ambiri zimenezi sazidziwa, ndipo zimandipweteka kuona munthu wakalambira pa munda umodzi akudziyesa waganyu.

Chachisanu ndi chimodzi: milandu ya tsankho

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa tsankho, ndipo Employment Act inabwerezanso zimenezi pa nkhani ya ntchito: polemba, pokweza, pophunzitsa ndi pochotsa. Imatinso malipiro akhale ofanana pa ntchito yolemera mofanana. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata osachepera asanu ndi atatu cholipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kumuchotsa chifukwa cha pakati ndi mlandu. Mu 2021 lamulo linapatsanso abambo tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugonana naye, imafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo otere, ndiponso imati polemba ntchito m'boma amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100 alionse kapena kuchepera 40. Lamulo la HIV la 2018 limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe ntchito.

Chovuta pa milandu iyi ndi umboni. Palibe bwana amalemba m'kalata kuti wachotsa munthu chifukwa cha mimba, cha mtundu wake kapena cha chipembedzo. Muphunzire kufananitsa: ndani wina anachita cholakwa chomwecho koma osachotsedwa, ndani akugwira ntchito yomweyo koma akulandira zochuluka, ndipo kalata ya chenjezo inatuluka masiku angati mayiyo atanena kuti ndi woyembekezera. Mtsikana wodandaula za kuvutitsidwa mumuuze asafufute mauthenga a pa WhatsApp, alembe tsiku, malo ndi mawu amene ananenedwa, ndipo atchule amene anayamba kumuuza. Mumulandire pamalo oti ena sakumva, ndipo musamufunse mafunso omuchititsa kudziona ngati wolakwa ndi iyeyo. Anthu oterewa amabwera kamodzi kokha, akalandiridwa moipa sabweranso.

Chachisanu ndi chiwiri: malonda a pakati pa mayiko

Mbali imeneyi simuilowa tsiku limodzi. Mumayambira pa milandu ya malonda ya m'dziko mom'muno, ku nthambi ya zamalonda ya High Court imene inayamba mu 2007, ndipo mumafuna ntchito kwa maloya amene amaimira mabanki ndi makampani akuluakulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere. Katundu wathu amadzera ku Nacala, ku Beira kapena ku Dar es Salaam, choncho funso lalikulu pa mgwirizano uliwonse ndi lakuti katundu akaonongeka pa njira, waluza ndani. Yankho lili m'timawu tatifupi totchedwa Incoterms, monga FOB ndi CIF, timene bungwe la International Chamber of Commerce limakonza. Timanena pamene udindo ukuchoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula, ndi amene alipire sitima ndi inshulansi. Muphunzirenso momwe mabanki amalipirira katundu wakunja poona mapepala okha, ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi okhudza ndalama zakunja. Misika yogwirizana ya mayiko a mu Africa ya COMESA, SADC ndi AfCFTA ili ndi malamulo ake onena katundu amene angalowe mopanda msonkho kapena pa msonkho wotsika.

Mukapatsidwa mgwirizano wa masamba 60, thamangirani kumapeto. Kumeneko kuli ndime ziwiri zimene amalonda athu amasaina atatopa kale: lamulo la dziko liti ndilo lidzagwire ntchito, ndipo mkangano ukabuka udzaweruzidwa kuti. Makampani akunja amakonda kuti mikangano ithetsedwe ndi akhalapakati osankhidwa ndi mbali zonse, osati khoti, ndipo malo ake amatha kukhala London, Paris kapena Johannesburg. Mu 2021 dziko la Malawi linalowa mu pangano la New York la 1958, limene limachititsa kuti chigamulo cha akhalapakati cha m'dziko lina chigwire ntchito kuno, ndi chathu chigwire kwawo. Kopaletivu ya alimi imene yavomera kukaweruzidwa ku London yavomera ulendo umene ndalama zake siingazipeze. Loya wabwino amaiuza zimenezi isanasaine. Maphunziro a ukhalapakati a Chartered Institute of Arbitrators ndi poyambira pabwino.

Apa ndi pamene mbali zitatu zija zimakumana. Wogula wa ku Ulaya masiku ano amaika mu mgwirizano kuti pa munda pasagwire ana, pasakhale tsankho, ndipo antchito azilipidwa motsata lamulo. Dziko lathu linasainanso mapangano a ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, monga nambala 100 wa malipiro ofanana, 111 woletsa tsankho ndi 158 wa kuchotsa anthu ntchito. Mukadziwa bwino nkhani ya mlonda uja, mungathe kulangiza kampani yotumiza katundu kunja kuti isataye msika chifukwa cha mmene ikusungira antchito ake.

Chomaliza: ngati mtima uli pa kukaphunzira kunja

Ku England ntchito ya uloya inagawidwa pawiri. Solicitor ndi amene amakumana ndi kasitomala n'kukonza mapepala, barrister ndi katswiri wolankhula m'khoti ndi kupereka uphungu pa mfundo zovuta. Kuti munthu akhale barrister amalowa limodzi mwa mabungwe anayi a ku London, Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple kapena Middle Temple, amachita maphunziro ake, kenaka amaphunzira ntchito kwa wamkulu, kawirikawiri kwa chaka chimodzi, ndipo malo ake ndi olimbirana kwambiri. Orton Chirwa anadzera njira imeneyi ku Lincoln's Inn mu 1958, ndipo mkazi wake Vera Chirwa ndiye loya woyamba wamkazi m'Malawi. Kuno kwathu kulibe kugawa kumeneko, loya mmodzi amachita zonse ziwiri, ndipo wochokera kunja amayenerabe kukwaniritsa zofunika za kuno asanaime m'khoti lathu.

Kwa mwana wa ku Khombedza kapena ku Chipoka, ine ndikuona kuti njira yotheka ndi kumaliza digiri kuno, kugwira ntchito zaka zingapo, kenaka kufuna digiri yachiwiri. University of Pretoria ili ndi maphunziro a ufulu wa anthu ndi a malamulo a malonda ndi kuika chuma mu Africa, ndipo University of Cape Town ili ndi a malamulo a pantchito. Thandizo la fizi lilipo ku Commonwealth, ku Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndi ku Chevening. A Chevening amafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Pofunsira thandizo lililonse mwa amenewa mudzafunika makalata okuchitirani umboni, choncho kuyambira pa tchuthi chanu choyamba muzipempha kalata kulikonse kumene mwathandizira, ya deti ndi chidindo, n'kuisunga m'faelo limodzi ndi masatifiketi anu.